Uthenga wa kalasi usamadutse pa nambala ya munthu

Pafupifupi kalasi iliyonse ya ku yunivesite m'dziko muno ili ndi gulu lake la pa WhatsApp, ndipo amene amalitsegula si yunivesite ayi. Amalitsegula ndi class rep, sabata yoyamba ya chaka choyamba, anthu asanadziwane n'komwe mayina. M'gulumo mumadutsa chilichonse: tsiku la mayeso, chipinda chimene kalasi yasamukira, manotsi ojambulidwa ndi foni, uthenga wa maliro ndi mndandanda wa chipepeso, malonda a nsapato za kaunjika, vesi la m'mawa, mkangano wa Bullets ndi Wanderers. Uthenga wa aphunzitsi woti asainimenti iperekedwe Lachisanu osati Lolemba umagwera pakati pa zonsezi, ndipo pofika madzulo wakwiririka kalekale.

Ine ndimakhala pa boma pano pa Dedza, ndipo ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pa kompyuta ndi pa foni, makamaka a eni masitolo ndi magulu a alimi. Kuno tili ndi koleji ya zankhalango ku Chongoni ndi ya aphunzitsi ku Bembeke, koma yunivesite ya boma kulibe. Ophunzira ake okha ndiye ali mbwee. Ena ndi a UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena Mzuni amene abwera ku tchuthi. Ena atumizidwa kudzayeserera uphunzitsi m'masekondale a ku Mayani, ku Lobi, ku Linthipe. Ena, ambiri ndithu, ndi aphunzitsi a ku pulayimale amene akuchita digiri ya ODeL, yophunzirira patali, amapita ku yunivesite milungu yochepa chabe, nthawi ina yonse akuwerenga ali kwawo. Amenewa ndi amene uthenga ukawaphonya amavulala. Amene ali pa sukulu pomwepo amamva kwa mnzake pa mzere wa chakudya. Amene ali ku Kasumbu amva kwa ndani?

Mwana wa mlongo wanga ndi mmodzi wa a ODeL amenewa, ndipo ndi chifukwa cha iyeyo kuti ndinayamba kumanga app yotumizirana mauthenga pakati pa ophunzira ndi aphunzitsi awo. Anzanga a ntchito yomweyi atamva anaseka: WhatsApp ilipo kale, yaulere, aliyense amaidziwa, iwe ukufuna kupikisana ndi Meta, eni ake a WhatsApp, uli ku Dedza? Funso ndi labwino, ndipo yankho langa ndi loti sindikupikisana nayo. Ndikufuna kuchotsamo chinthu chimodzi chokha chimene sichinayenere kulowamo, chomwe ndi kulankhulana kwa ntchito pakati pa mphunzitsi ndi wophunzira.

Mmene zinalowera tonse tikukumbukira. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha COVID-19. Mayunivesite anathamangira ku Moodle, ku Zoom, ku Google Classroom. Zimenezi zinathandiza amene anali ndi laputopu ndi intaneti yodalirika. Kwa ena onse chimene chinagwira ntchito ndi WhatsApp, pa chifukwa chosavuta kumva: makampani a foni amagulitsa bandulo ya WhatsApp yokha pa mtengo wotsika kuposa bandulo ya intaneti yonse. Aphunzitsi anayamba kutumiza ma voice note ndi ma PDF m'magulu, sukulu zinatsegulidwa, chizolowezi chinatsala.

Tsono WhatsApp inamangidwa pa nambala ya foni, ndipo kuno kwathu nambala si kanthu kakang'ono. Kuyambira 2018 SIM iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Nambala yomweyo ndi imene ili ndi Mpamba kapena Airtel Money, moti munthu akangoyerekeza kukutumizira ndalama amaona dzina lako lonse. Nambala yomweyo ndi imene amaimbira amayi ako ku mudzi. Gulu la pa WhatsApp tsopano limatha kutenga anthu 1,024, ndiye mphunzitsi akalowa m'gulu la kalasi yaikulu ya chaka choyamba, wapereka nambala yake kwa anthu mazanamazana nthawi imodzi, ndipo iyenso watenga nambala za atsikana onse a m'kalasimo.

Mbali yoyambayo anandifotokozera ndi mayi wina amene amaphunzitsa pa yunivesite ina, kwawo ndi ku Bembeke, tinakumana pa ukwati. Ndinawafunsa chimene angafune mu app yotere. Ndinkayembekeza kuti anena za mavidiyo kapena zolembera mayeso pa intaneti. Iwo anangotulutsa foni m'chikwama, n'kundionetsa mauthenga amene analowa usiku wathawo. Wina analemba cha m'ma 11 koloko usiku kufunsa ngati mayeso adzakhale ndi mutu wachisanu. Wina anangolemba kuti “Madam” basi, n'kudikira. Wina anatumiza chithunzi cha maluwa. Wina anali kholo la wophunzira, kupempha kuti mwana wake amuganizire.

“Achimwene,” anatero, “ine ana amenewa sindidana nawo. Koma foni iyi ndi yomwe ndimalankhulira ndi ana anga obereka. Ndikaizimitsa ndazimitsa onse. Mundipangire poti ndikatseka ofesi, nayonso izitseka.”

Mbali yachiwiriyo sinenedwa mokweza, koma wophunzira wamkazi aliyense amaidziwa. Uthenga umayamba ndi za asainimenti, kenako “uli kuti”, kenako “tabwera tidzakambirane za magiredi ako”. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa mchitidwe umenewu, ndipo mayunivesite ali ndi malamulo awoawo pa nkhaniyi. Vuto limakhala umboni. Pa WhatsApp wotumiza angathe kufufuta uthenga mbali zonse ziwiri, kapena kutchera kuti mauthenga azizimiririka okha. Mtsikana akabweretsa screenshot, woimbidwa mlandu amati ndi yopanga, ndipo n'zoona kuti screenshot yabodza mwana wa fomu 2 angaipange. Mphunzitsi wosalakwa nayenso alibe chodzitetezera akanamiziridwa.

Choncho maziko a app yanga ndi awa. Wophunzira amalowa ndi nambala yake ya ku sukulu, ija ya pa chiphaso, mphunzitsi ndi nambala yake ya ntchito. Nambala ya foni ya munthu siioneka kwa wina aliyense. Kosi iliyonse ili ndi malo awiri: a zolengeza, mmene amalemba ndi mphunzitsi ndi class rep okha, ndi a mafunso, mmene funso lililonse limakhala ndi mayankho ake pansi pake kuti wobwera mochedwa asafunsenso zomwe zinayankhidwa kale. Wophunzira angathe kulembera mphunzitsi payekha, koma mphunzitsi amasankha maola amene foni yake izilira. Uthenga wa 11 koloko usiku umapita ndithu, koma umakadikira mpaka m'mawa. Malo ochezera ophunzira okhaokha sindinaikemo dala. Za mpira ndi za kaunjika zili ndi kwawo kale, ndipo kumeneko zikuyenda bwino.

Class rep poyamba ena amandiuza kuti app ikabwera ntchito yake yatha. Amene amanena zimenezi sanakhalepo m'kalasi ya anthu 300. Class rep ali ngati nyakwawa pamudzi: mfumu siyenda khomo ndi khomo, ndipo anthu sapita kwa mfumu ndi nkhani iliyonse. Ndi iyeyo amene amadziwa kuti uje foni yake inabedwa, uje ali ku chipatala, uje sanalipire fizi ndiye dzina lake silikuoneka pa mndandanda. Chimene ndinamupatsa ndi chida chimene pa WhatsApp amachisowa: chilengezo chikatuluka, amaona mayina a amene sanachitsegule, osati a amene atsegula. Anthu 12 amene atsalawo ndiye awaimbire.

Za luso lake zenizeni zimayambira pa msewu wa M1. Aliyense amene anakwerapo minibasi kuchoka pa Dedza kulowera ku Ntcheu akudziwa kuti msewuwu umayenda m'malire enieni, moti pa Lizulu kabichi ndi mbatata ya kachewere za mbali ino zili ku Malawi, za tsidya la msewu zili ku Mozambique. Foni nayo imasokonezeka. Netiweki imabwera, imapita, 4G imasanduka kachilembo ka E, pena foni imakoka netiweki ya ku Mozambique. Kumeneku ndi kumene ndimayesera app yanga, nditakhala pampando wakumbuyo, thumba la mbatata lili pamapazi, ndikutumiza mauthenga olembedwa manambala 1, 2, 3 mpaka 50 ku foni ina imene ndaisiya kunyumba. Ndikabwerera ndimawerenga: afika onse? Afika mu ndondomeko yake? Alipo amene wafika kawiri?

Funso lachitatuli ndi limene limavuta kuposa mmene munthu angaganizire. Foni imatumiza uthenga, seva (kompyuta imene mauthenga onse amadutsira) imaulandira, seva imayankha kuti ndalandira, koma yankholo limafera m'njira chifukwa minibasi yalowa kuseri kwa phiri. Foni imaganiza kuti uthenga sunapite, n'kutumizanso. Mankhwala ake ndi oti uthenga uliwonse upatsidwe chizindikiro chakechake pa foni pomwepo usananyamuke, kuti seva ikaona chizindikiro chomwecho kachiwiri ingovomera koma osausunganso. Ndipo chilichonse chimayamba chasungidwa mu foni momwemo, mu kankhokwe kotchedwa SQLite, kenako n'kumapita netiweki ikapezeka. Wophunzira alembe funso lake ali m'nyumba mopanda netiweki, likanyamuke lokha mawa akamapita ku chigayo.

Ponyamulira mauthengawo ndinayang'ana njira zitatu. XMPP ndi yakale ndi yodalirika, ndipo WhatsApp yomweyo inayambira pa seva ya mtundu umenewu yotchedwa ejabberd. Matrix, imene inayamba mu 2014, ndi imene boma la France linamangirapo Tchap, app yolankhulirana ogwira ntchito m'boma, ndipo mayunivesite angapo a ku Germany amaigwiritsa ntchito. Yunivesite imene ili ndi anthu a ICT okwanira ndingailangize kuyamba ndi imeneyo m'malo momanga kuchokera pansi. Ine ndinasankha MQTT, chifukwa cha kumene inachokera. Anaipanga mu 1999 Andy Stanford-Clark ndi Arlen Nipper kuti azilandirira mauthenga ochokera ku mapaipi a mafuta kudzera pa setilaiti, kumene kachilembo kalikonse kotumizidwa kanali ndalama ndipo kulumikizana kumaduka nthawi ina iliyonse. Facebook inaitenga mu 2011 pomanga Messenger. Mavuto a paipi ya m'chipululu ndi omwewo a wophunzira wa ku Tsangano.

Mauthenga a mawu okha sadya bandulo. Chimene chimadya ndi zithunzi ndi ma PDF. Mphunzitsi amajambula tsamba la buku ndi foni yake yabwino, chithunzi chimodzi n'kukhala mamegabaiti anayi, masamba khumi bandulo ya tsiku yatha. App yanga imachepetsa chithunzi chisanachoke pa foni ya wotumiza, ndipo kwa wolandira sichitsika chokha. Amaona kaye kukula kwake, n'kusankha yekha. Mwana wa mlongo wanga atayesa anati, “Malume, apa ndiye mwaganiza. Koma muikenso poti ndizisankha kuti zidzatsike usiku, bandulo ya usiku ndi yotchipa.” Ndinaikamo. Mfundo ngati imeneyi sungaipeze m'buku la mapulogalamu lolembedwa ku California.

Kenako pali mafoni amene anthu ali nawodi. Ambiri ndi itel ndi Tecno, malo osungira zinthu ndi ochepa, ndipo pofuna kusunga batire mafoni otsika mtengo ambiri amapha app iliyonse imene sili pa sikirini. Kuti uthenga ulire app ili yotseka, umadutsira ku Google, pa Firebase Cloud Messaging, ndipo ngakhale apo nthawi zina umachedwa. N'chifukwa chake zolengeza zofunika kwambiri, monga kusintha kwa tsiku la mayeso, zimatsatiridwa ndi SMS kwa amene sanatsegule pakatha maola angapo. Seva ndi imene imadziwa nambala, mphunzitsi saiona. SMS nayo ili ndi msampha wake: umodzi umatenga zilembo 160, koma mukangoikamo chilembo chimene sichili pa mndandanda wa GSM, monga ŵ, malire amatsika kufika pa 70, uthenga umodzi n'kusanduka itatu, mtengo n'kukwera katatu. Pulogalamu imachotsa kachipewako isanatumize. Akatswiri a chiyankhulo andikhululukire.

Ndalama ndi nkhani ina. Seva za kunja amalipira ndi madola, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Bajeti imene unalemba mu Okutobala pofika Disembala inali nthano. Kuika seva pa yunivesite pomwepo kumapulumutsa madola koma kumafuna magetsi osathima, ndipo tonse tinaona mu 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kuika app pa Google Play ndi madola 25 kamodzi kokha, kwa Apple ndi madola 99 chaka chilichonse. Za iPhone ndazisiya kaye, a iPhone alowere pa browser. Ophunzira ambiri sapita n'komwe ku Play Store, amapatsirana app pa Xender kapena pa Bluetooth, ndiye app iyenera kukhala yaing'ono ndiponso yodziwa yokha kuti yakalamba, kuti iuze mwini wake akapeze yatsopano.

Koma khoma lalikulu ndi bandulo ija. Wophunzira amene wagula bandulo ya WhatsApp yokha, app yanga kwa iye ndi yakufa, ngakhale itakhala yopepuka bwanji. Zimenezi sizikonzedwa ndi munthu wolemba mapulogalamu. Zimafuna yunivesite, kapena MAREN imene imalumikiza mayunivesite ndi makoleji pa intaneti, ikhale pansi ndi TNM ndi Airtel kuti adilesi ya seva ya sukulu isamadye bandulo ya wophunzira, kapena ilowe mu bandulo yotsika mtengo ya ophunzira. Popanda zimenezo, app ya sukulu ina iliyonse idzatsegulidwa sabata yoyamba, kenako class rep adzayamba kujambula zolengeza n'kumaziponya ku WhatsApp, ndipo sadzakhala atalakwa.

Pamene ndakhala nthawi yaitali ndikusinkhasinkha si pa zonsezi ayi, koma pa funso loti ndani angawerenge mauthenga a pakati pa mphunzitsi ndi wophunzira. WhatsApp kuyambira mu Epulo 2016 imakhoma uthenga pa foni ya wotumiza, n'kukatsegulidwa pa foni ya wolandira yekha, moti ngakhale kampaniyo singauwerenge. Pa macheza a anthu wamba zimenezi ndi zabwino kwambiri. Koma ndikachita chimodzimodzi, ndabwezeretsa vuto lomwe ndimathawa lija: mtsikana wopanda umboni. Ndikasiya mauthenga osakhoma pa seva, ndapereka kwa mnyamata aliyense wa ku ofesi ya ICT mwayi wowerenga kuti wophunzira uje wapempha kuchedwetsa mayeso chifukwa ali woyembekezera, kapena akumwa mankhwala akutiakuti.

Ndipo aphunzitsi ali ndi chifukwa chawo chokayikira chilichonse chimene chimasunga mawu awo. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College kukamufunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja ndi zimene zinkachitika ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi ananyanyala, ndipo maphunziro anasokonekera kwa miyezi yambiri pa nkhani ya ufulu wa kaphunzitsidwe. Amene anaona zimenezo ukamuuza kuti mauthenga ake onse azisungidwa pa seva ya sukulu, sakufunsa za MQTT. Akufunsa kuti kiyi ali ndi ndani. Mayi a ku Bembeke aja anafunsa funso lomwelo, ndipo anawonjeza kuti atsogoleri a bungwe la ophunzira adzafunsanso chimodzimodzi nthawi ya zionetsero ikadzafika.

Chimene ndachita ndi ichi. Mauthenga a awiriwa safufutika, ndipo onse awiri amaona mawu pamwamba pa sikirini owauza zimenezo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Pa seva amasungidwa okhoma. Kiyi wotsegulira ndi wogawidwa patatu pogwiritsa ntchito njira imene Adi Shamir anaifotokoza mu 1979, yoti chinsinsi chigawidwe zidutswa, ndipo chidutswa chimodzi pachokha chisaulule kanthu. Chidutswa china chikhale ku ofesi yoona za ophunzira, china kwa woimira bungwe la aphunzitsi, china kwa woimira bungwe la ophunzira. Kuti macheza atsegulidwe pafunika awiri mwa atatuwa, pakhale dandaulo lolembedwa lochokera kwa mmodzi wa eni macheza, ndipo atsegulidwe macheza okhawo basi. Eni ake onse awiri amalandira uthenga woti atsegulidwa. Ine amene ndinamanga app ndilibe chidutswa.

Ena adzati mphunzitsi wa maganizo oipa angopempha nambala ya mtsikanayo n'kupita ku WhatsApp. Zoona. App siisintha mtima wa munthu. Koma lero mtsikana sangakane kupereka nambala, chifukwa ndi njira yokhayo yolandirira za sukulu. Pakakhala njira ya sukulu, angathe kuyankha mwaulemu kuti “Sir, mungonditumizira pa app”, ndipo amene akukakamira nambala waonekera yekha.

Lamulo la Data Protection Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024 ndipo woliyang'anira ndi MACRA, likutanthauza kuti zimenezi si nkhani ya ine ndi laputopu yanga. Mayina a ophunzira, makosi awo ndi nambala zawo zili m'manja mwa yunivesite, ndipo ndi yunivesiteyo imene iyenera kunena chifukwa chosungira mauthenga ndi utali wa nthawi yowasunga. Ine ndikuganiza kuti chaka chimodzi wophunzira atamaliza kosiyo n'chokwanira, popeza ambiri amalimba mtima kudandaula magiredi atatuluka kale. Mayi aja akuti zikhale mpaka wophunzirayo atavala gauni, chifukwa mphunzitsi wa chaka choyamba umakumana nayenso chaka chachinayi. Pamenepa sitinagwirizane.

Pakadali pano app ikuyesedwa ndi kagulu ka a ODeL a kuno ndi ku Ntcheu, mayina ndinawalemba pamanja ndi chilolezo chawo. Kuti ifike pa kalasi yeniyeni pafunika kalata yopita kwa registrar, ndipo m'kalatamo ndikupempha zinthu ziwiri: mndandanda wa olembetsa kosi imodzi yokha kwa semesita imodzi, ndi mayina a maofesi atatu amene avomere kusunga zidutswa za kiyi.